Windows M'thumba la Nandolo

Ndisanayambe, ndipemphe amayi amene muli m'gulu limodzi la banki mkhonde ndi mayi akunyumba kwathu kuti musawawerengere nkhaniyi mokweza. Zambiri akuzidziwa kale, koma pali zina zimene ndinawauza mwachidule, ndipo chidulecho ndi chimene chinandithandiza kuti ndidye nsima usiku wa tsiku limene zinachitika.

Ine ndine mkamwini wa pa Migowi. Mkamwini wa ku Phalombe sachedwa kudziwa kuti munda ndi wa akazi ake, nyumba ili pamalo a apongozi, ndipo zakezake ndi njinga ndi maganizo basi. Njinga yanga inapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ndinatsala ndi maganizo okha, ndipo ndi amene anandipweteka.

Maganizowo anali otsegula kasukulu ka kompyuta, komanso kumatayipira anthu makalata ndi kuwasindikizira. Chimangireni chipatala chachikulu cha John Chilembwe, pa Migowi pamadutsa anthu ambiri, ndipo achinyamata omaliza Fomu 4 amafuna makalata ofunsira ntchito tsiku ndi tsiku. Chinkasowa ndi kompyuta yokha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, moti laputopu yakaunjika ya ku Limbe, imene ndinkangoiyang'ana pagalasi, inasiya ngakhale kundiyang'ana. Ndinadandaulira alamu anga, mchimwene wa mayi akunyumba, amene amakonza mafoni ku Joni.

"Alamu, musavutike ndi zikompyuta zikuluzikulu," iwo anatero pafoni. "Kuno kuli kakompyuta kokwana m'thumba la malaya. Ndikutumizirani."

Katundu anafika nyengo yokolola nandolo ya 2024, atakulungidwa m'sokosi. Nditamasula ndinapeza kabolodi kobiriwira, mamilimita 85 m'litali ndi 56 m'lifupi, kopanda chikuto. Apongozi anga aakazi anakatembenuza uku ndi uku n'kufunsa kuti, "Nanga wailesi yakeyo yatsala kuti?"

Kanali ka Raspberry Pi 4. Anthu a ku Cambridge, m'dziko la Britain, motsogozedwa ndi Eben Upton, anayamba kugulitsa timakompyuta timeneti mu 2012 pamtengo wa madola 35, cholinga chawo chili choti ana aphunzire kulemba mapulogalamu popanda makolo kugulitsa ng'ombe. Mtundu wachinayiwu unatuluka mu 2019. Zonse zili pabolodi limodzi: purosesa, memori, mabowo a USB, polowera waya wa intaneti. Hadi disiki mulibe, zonse zimakhala pakakhadi ka microSD ngati ka m'foni. Magetsi kamangofuna mavoti 5 ndi ma ampu 3, kutanthauza kuti sikapitirira mawati 15, ndipo kasola kakang'ono ndi batire zimakakwanira. Kuno kumene magetsi amabwera ngati mlendo, umenewo ndi mwayi waukulu.

Ndalama za matumba oyamba a nandolo zinagula kiyibodi, mausi ndi waya wolumikizira kabolodiko ku TV yathu. Pulinta yakale ndinagula ndi ngongole ya ku banki mkhonde, m'dzina la mayi akunyumba. Ndinachita lendi kachipinda kuseri kwa msika, ndipo ndisanayatse n'komwe makinawo ndinaitana wolemba zikwangwani. Analemba ndi penti yofiira: PHUNZIRANI WINDOWS, WORD NDI EXCEL PANO.

Tsopano ndiulule chimene ndakhala ndikubisa. Kakompyutako kanagwira ntchito tsiku loyamba lomwe. Alamu anali ataikamo kale Raspberry Pi OS, imene ndi Linux yochokera ku Debian, yaulere ndipo yololedwa kukopera aliyense. Munali LibreOffice, yokhala ndi polembera makalata ndi powerengera ndalama. Ndinatayipa dzina langa, ndinalikulitsa, ndinalipaka mtundu. Zonse zinatheka. Koma anyamata awiri amene anabwera kudzalembetsa anayang'ana pa TV, anayang'ana chikwangwani, mmodzi n'kunong'oneza mnzake mokweza kuti, "Aise, iyi ndi ya feki." Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Mkamwini akhoza kupirira njala, koma osati kutchedwa wa feki pamsika wa kwa akazi ake.

Ndinaimbira alamu. Iwo anati anamvapo kuti pali Windows yaulere ya Raspberry Pi. Sananame kwenikweni, koma anamva mbali imodzi. Mu 2015 kampani ya Microsoft inatulutsadi Windows 10 IoT Core yoti iziyenda pa Raspberry Pi 2, kenako pa 3, popanda kulipira. Kungoti imeneyo si Windows ya mu ofesi. Ilibe desikitopu, sungaikemo Word, ndipo anaipangira anthu okonza timakina tochita ntchito imodzi, monga toyeza kutentha kapena totsegula zitseko. Pa Raspberry Pi 4 sanaikonzerenso. Munthu wanzeru akanaima pamenepo. Ine ndinagula bandulo.

Pa YouTube ndinapeza azungu akumwetulira, Windows yeniyeni ikuyenda pa kabolodi ngati kanga. Pali gulu la anthu ongodzipereka limene linapanga chida chotchedwa Windows on Raspberry. Iwo sagawa Windows, amangopereka njira yoiikira pakakhadi pamodzi ndi madiraiva amene analemba okha. Windows yake uyenera kukaitenga wekha, ndipo si iliyonse. Purosesa ya Raspberry Pi ndi ya mtundu wa ARM, wa m'mafoni, pamene makompyuta ambiri a m'maofesi amayendera ya Intel kapena AMD. Choncho CD ya Windows imene mnyamata wobena nyimbo pamsika amaikira aliyense sikanathandiza. Pankafunika Windows ya ARM, imene Microsoft inayamba kutulutsa mu 2017 pa malaputopu a purosesa za Qualcomm.

Mafayilo ake ndi opitirira magigabayiti 4. Ndinkadzuka pakati pa usiku kudikira bandulo yotchipa, n'kukaima pachulu kuseri kwa nyumba kumene netiweki imagwira bwino, foni ili m'mwamba, nkhope italoza ku Michesi. Anthu oyandikana nafe anayamba kunong'onezana. Mayi wina anafunsa mayi akunyumba ngati amuna awo ayamba zokhwima, ndipo iwo anayankha kuti akanakhala okhwima bwenzi ngongole itabwezedwa.

Laputopu yolembera kakhadiko ndinabwereka kwa mnyamata wobena nyimbo uja, pomulonjeza kuti adzakhala wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu. Kakhadi kamene ndinalembapo ndi komwe kanabwera ndi alamu, kokhala ndi Linux ndi LibreOffice. Chidacho chinandichenjeza kuti zonse zifufutika. Ndinadina kuvomera ndi chala chonyada.

Windows inayaka. Pamenepa ndisaname, ndinavina. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyatsa kokha, mayi akunyumba ankatha kutereka madzi, kuphika phala, ana n'kudya. Ukadina Start umayamba wapita kukamwa madzi. Zifukwa zake ndinazidziwa mochedwa. Kakhadi ka microSD n'kochedwa kwambiri poyerekeza ndi disiki imene Windows inazolowera. Pa memori ya magigabayiti 4, Windows inkaona 3 okha pokhapokha utasintha zina mkati. Diraiva wa mbali yojambula zithunzi kulibe, ndiye ntchito yonseyo imagwera purosesa. Wi-Fi ya pabolodi nayonso ilibe diraiva, moti intaneti ndinkachita kuikoka pafoni ndi waya. Purosesa ikalemedwa imatentha, ndipo ikafika madigiri 80 imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Ndiye muganize dzuwa la Okutobala m'chigwa cha Chilwa, m'kachipinda ka malata kopanda siling'i. Mwana wathu wamng'ono ndinamulemba ganyu yokupiza kabolodiko ndi chivundikiro cha poto, malipiro ake zitumbuwa.

Kenako ndinayamba kufunafuna Word. Ndinafufuza paliponse, osaipeza. Mnyamata wobena nyimbo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Biggie, Word sibwera ndi Windows. Imeneyo ndi Office, ndi katundu wina, mtengo wakenso wina." Anatulutsa fulashi m'thumba n'kundiikira Office imene anati ndi yothyola kale. Sindinafunse kuti anathyola ndani, kapena anathyola chiyani.

Kasitomala wamkulu woyamba anali a gulupu a mudzi woyandikana nafe. Mdzukulu wawo ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Zomba, ndipo ankafuna makadi a ukwati. Ndinalandira ndalama yonse nthawi yomweyo, n'kulonjeza makadi a maluwa m'mbali. Kutayipa kunatheka, pang'onopang'ono. Nditalumikiza pulinta, zii. Ndinaika CD yake kudzera pa laputopu ya mnyamata uja, kukopera diraiva, kuyesa, zii. Windows ya ARM imatha kunamizira n'kuyendetsa mapulogalamu wamba olembedwera Intel, ngakhale mwaulesi, koma madiraiva ayi. Diraiva ayenera kukhala wolembedwera ARM yeniyeniyo, ndipo pulinta yanga inapangidwa kale zimenezi zisanaganiziridwe. Ndinauza a gulupu kuti inki ikuchokera ku Blantyre.

Tsiku lina kunabwera aphunzitsi a kompyuta a pasekondale ina yapafupi, atamva kuti pa Migowi pali munthu amene waika Windows pa Raspberry Pi. Ndinawalandira ngati nduna. Anayang'anitsitsa, anagwedeza mutu mosilira, kenako analoza pakona ya TV pamene panali mawu otuwa akuti Activate Windows.

"Achimwene, laisensi yake munagula kuti?"

Ndinati kabolodiko ndi kanga, alamu anagula ndi ndalama zawo, ndipo chimene ndiikepo ndi nkhani yanga.

"Kabolodiko ndi kanu, inde," anatero. "Koma Windows sagulitsa, amabwereketsa. Zili ngati munda wobwereka: mumalima, mumakolola, koma simungadulemo mitengo kapena kuugawira mnzanu, chifukwa mwini wake anakuuzani malire. Mawu aatali aja munadina kuvomera osawerenga, amenewo ndiye malirewo."

Anandifotokozera modekha, ngati mwana wobwereza kalasi. Kompyuta iliyonse imafunika laisensi yakeyake. Windows ya ARM, kwa zaka zambiri, Microsoft inkaipereka kwa makampani opanga makompyuta okha kuti aziikiratu m'makina awo, osati kwa munthu wamba wofuna kuika pa kabolodi kake, ndipo Raspberry Pi sinakhalepo pamndandanda wa makina ovomerezeka a Windows ya desikitopu. Windows 11 imafunanso kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0, kamene pa bolodi langa palibe, ndiye kuti poiika ndinachita kulambalala chipata. Anati ophunzira amene amangoyesera kunyumba kuti aone ngati zingatheke ali pamalo osadziwika bwino m'malamulo, ndipo chida cha anthu odzipereka chija pachokha si chakuba. Koma ine ndinali kuchita bizinesi, ndi Windows yopanda laisensi, ndi Office yothyola, chikwangwani chili pakhomo kuitana mboni.

Ndinati malamulo amenewo ndi a ku America. Aphunzitsi anaseka. Anati Malawi ali ndi lamulo lake la zaumwini wa ntchito zaluso, Copyright Act ya 2016, imene inalowa m'malo mwa ya 1989, ndipo mapulogalamu a kompyuta amatetezedwa mmenemo monga mabuku ndi nyimbo. Dziko lathu linalowanso m'pangano la Berne mu 1991, kutanthauza kuti ntchito ya mlendo imatetezedwa kuno monga ya Mmalawi imatetezedwera kunja. Mwini wake akhoza kukusumira, ndipo kukopera mwadala pofuna phindu ndi mlandu. Anawonjeza kuti si Microsoft yokha: Apple salola n'komwe kuti macOS iikidwe pa makina amene si ake, ndipo kampani ya Psystar imene inayesa kugulitsa makompyuta otero ku America inagonja m'khoti mu 2009. Anatchulanso COSOMA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziyang'anira zaumwinizi. Pa mawu onse amene ananena, limene linatsala m'mutu mwanga ndi limenelo, chifukwa mnyamata wobena nyimbo amalitchula monong'ona.

"Koma aphunzitsi, aliyense m'tauni muno Windows yake ndi yomweyi," ndinadziteteza.

"Kuchuluka kwa anthu sikusintha lamulo, achimwene. Komanso anzanuwo pulinta zawo zikusindikiza."

Usiku umenewo sindinagone. M'mawa ndinanyamula kabolodiko kupita nako kunyumba, ndi TV yomwe, kuti ndikamalizire makadi kobisika. Dzuwa lili pamutu, mwana anabwera akuthamanga kuchokera kumsika. Anati kwabwera bambo wina panjinga yamoto, wovala tayi, wonyamula chikwama chakuda, ndipo akufunsa kuti mwini wake wa Windows amakhala kuti.

Sindinatseke kompyuta mwadongosolo. Ndinangozula waya, kukulunga kabolodiko m'sokosi yake ija, kumasula thumba limodzi la nandolo pa matumba amene anatsala pakhonde, kukankhira mkati mpaka m'chigongono, n'kusokanso. Kenako ndinatulukira kuseri, kudutsa m'munda wa chinangwa wa apongozi, n'kukakhala kudimba mpaka dzuwa litapendeka, ndikuyeseza mawu okanena kupolisi.

Nditabwerera ndinapeza pakhonde pali mbee. Mayi akunyumba anali pamkeka akuwerenga ndalama.

"Abambo, munali kuti? Kunabwera ankhoswe a mwamuna kuchokera ku Zomba, amafuna aone makadi a ukwati. Adikira mpaka atopa."

"Nanga matumba?"

"Ndagulitsa. Mavenda anabwera ndi mtengo wabwino, ndipo Lachisanu ndi tsiku lobweza ngongole ya pulinta yanu ija."

Amene anandiona ndikuthamangira pa siteji ya kabaza amati ndinali wopanda nsapato imodzi. Mavendawo anali atalowera ku Chiringa kukadzazitsa lole, kuti m'mawa mwake apite ku Limbe, kumene nandolo wathu amakapakidwa ulendo wa ku India. Njira yonse ndinkaona m'maganizo Mmwenye wina akutsegula thumba n'kupeza mayina a akwati a kwa gulupu wathu. Ndinawapeza akuyeza pasikelo, matumba ataunjikidwa, onse ofanana. Nditafotokoza kuti m'thumba lina muli kompyuta, anaitanizana kuti adzamve okha. Mkulu wawo anati kumasula matumba ndi ntchito, ndipo ntchito imalipidwa. Thumba lathu ndinalizindikira ndi kasokedwe kanga koipa. Anakana kulimasula, anati ndigule lonse, pamtengo wogulitsira iwo osati wogulira. Ndinasiya foni yanga ngati chikole. Ndinabwerera usiku, thumba pakabaza ina, ine pa ina, ndipo onse awiri ndinawalipira ndi nkhuku ya apongozi, imene mpaka lero amakhulupirira kuti inagwidwa ndi kamtema.

Kabolodiko kanatuluka kali bwinobwino, fumbi lokha. Koma nditayatsa, Windows inakana kudzuka. Kuzula waya kompyuta ili mkati molemba kumawononga mafayilo a pakakhadi, ndipo makadi a ukwati anapita nawo limodzi. Ndinakatayipitsa ndi kusindikiza pa Boma, pamtengo woposa umene ndinalipiritsa a gulupu. Pothamanga ndinalakwitsa dzina la mkwati, ndipo pa ukwatiwo wolengeza analiwerenga momwemo pachimkuzamawu, n'kutchula amene anakonza makadi.

Amene anandipulumutsa ndi mwana wa achemwali anga, mtsikana wa Fomu 3, wophunzira wa aphunzitsi aja. Anabwera Loweruka ndi kakhadi katsopano.

"Malume, mundilole ndibwezeretse zimene munafufuta."

Anaikamo Raspberry Pi OS. Inayaka madzi a tiyi asanawire. Wi-Fi inagwira. Analumikiza pulinta, anatayipa mizere ingapo, ndipo pulinta imene ndinkainamizira inki inakhosomola n'kutulutsa pepala. Linux inali ndi diraiva wake nthawi yonseyi. Anandionetsa kuti LibreOffice imatha kusunga kalata mumtundu wa Word, woti aliyense akatsegula pa kompyuta yake, ngakhale nthawi zina mizere ndi matebulo zimasuntha pang'ono, ndiye ngati n'zongosindikiza ndi bwino kusunga ngati PDF. Anaikamonso Kiwix, imene imasunga Wikipedia pakakhadi kuti ana aziwerenga popanda bandulo. Anandiuza kuti timabolodi totere ndi timene bungwe la World Possible linagwiritsa ntchito popanga RACHEL, kabokosi kogawira mabuku ndi maphunziro kusukulu zopanda intaneti. Safunsa anadya phula, ndipo ine amene ndinkayenera kumufunsa ankadya nsima pakhomo panga tchuthi chilichonse.

Anyamata awiri onena za feki aja sanalakwe m'zonse. Olemba ntchito ambiri amafunsadi Word ndi Excel potchula mayina, ndipo amene waphunzira pa LibreOffice amafunika masiku angapo kuti azolowere pamene mabatani ali. Ndimawauza zimenezi poyera asanalipire. Wofuna Windows yeniyeni njira yake ndi kompyuta yopangidwira Windows, yokhala ndi laisensi yake, ndipo pogula yakaunjika afunse ngati ingalandire Windows 11, chifukwa Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku losiya kusamalira Windows 10. Kumbali ya kabolodi kanga, nkhaniyo inadzitsekera yokha. Kumapeto kwa 2024 Microsoft inayamba kulola aliyense kutenga Windows 11 ya ARM pa tsamba lake, laisensi n'kugula padera, koma mtundu watsopanowo, wa 24H2, umafuna purosesa yatsopano kuposa ya Raspberry Pi 4, moti sungayake n'komwe. Ndinavutikira chinthu chimene ngakhale chikanayenda, chinali chopita kokatha.

Chikwangwani ndinachipaka laimu ndekha, chifukwa wolemba uja anati kufufuta ndi mtengo winanso. Mvula ikagwa mawu ofiira aja amaonekera, ndipo ndimapakanso. Foni ndinakaiwombola. Ngongole ya banki mkhonde inatha, koma chiwongoladzanja cha pakamwa ndikulipirabe: pakhomo pano chinthu chilichonse chokhala ndi waya chimayamba chavomerezedwa ndi mayi akunyumba ndi mtsikana wa Fomu 3 uja, amene tsopano ndi mphunzitsi wamkulu wa Loweruka pasukulu yanga.

Posachedwapa alamu anaimbanso. Anati kuli Raspberry Pi 5, inatuluka mu 2023, yamphamvu kuposa yanga, ndipo anaona pa YouTube munthu ataikamo Windows ikuthamanga. Ndinamva mtima ukuyamba kugunda mwakale, ndipo ndinafunsa kuti kodi mabasi a ku Joni amanyamuka liti. Mayi akunyumba anandilanda foni.

"Achimwene," anatero, "mukamatumiza kameneko mutumize ndi matumba anu a nandolo, ndi nkhuku imodzi ya amayi. Musaganize kuti nkhani ya kamtema ija ndinaikhulupirira."